Makina a CPAP akachedwa ku America: kupeza pepala limene lasowa pakati pa dokotala, kampani ndi inshuwalansi

Vuto limene tikukamba pano limagwera anthu ambiri okhala ku United States amene apezeka ndi matenda obanika m'tulo, aja madokotala amawatchula kuti sleep apnea. Munthu amaliza mkonono waukulu, mpweya n'kudukiza kwa masekondi 10 kapena kuposerapo chifukwa njira ya kukhosi yatsekeka, kenako n'kudzidzimuka ngati wotsamwa, ndipo zimenezi zimabwerezeka kambirimbiri usiku umodzi mwini wake osadziwa. Akapimidwa, dokotala amalemba kuti apatsidwe makina a CPAP, omwe amakankha mpweya kudzera mu paipi ndi masiki kuti njira ija isatsekeke. Apa wodwala amaganiza kuti nkhani yatha. Koma milungu imapita makinawo osabwera, ndipo akaimba foni, a ku chipatala amati anatumiza kale, a kampani yopereka zipangizo amati akudikira inshuwalansi, a inshuwalansi amati sanalandire pempho lililonse.

Mfundo yoyamba kuigwira ndi yakuti kuchedwa kapena kukanidwa kwa mtundu umenewu kawirikawiri sikutanthauza kuti wina akukayikira matenda anu. Nthawi zambiri pamakhala pepala limodzi losowa, tsiku losagwirizana ndi linzake, kapena chiganizo chimene dokotala sanalembe. Maofesi atatuwa amalozana zala chifukwa palibe amene ali ndi udindo woyang'anira nkhani yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, choncho udindowo umagwera inu, kaya mwaufuna kaya ayi.

Pezani kaye pamene nkhani yaima

Yambani ndi kampani yopereka zipangizo, imene m'makalata imatchedwa DME, chifukwa ndi imene imasonkhanitsa mapepala ndi kutumiza pempho ku inshuwalansi. Musafunse kuti makina anga afika liti, popeza yankho lake limakhala loti akugwirabe ntchito. Funsani kuti ndi mapepala ati amene alandira, analandira tsiku liti, ndi ati amene akusowa, ndiponso ngati pempho la chilolezo linatumizidwa ku inshuwalansi. Ngati anena kuti linatumizidwa, akupatseni nambala yake. Mukatero imbirani inshuwalansi pa nambala imene ili kuseri kwa khadi lanu, muwawerengere nambala ija, ndipo mumve ngati pempholo lilipodi, ngati likudikira kanthu kena, kapena ngati linakanidwa kale kalata ili m'njira. Pa foni iliyonse lembani m'kope tsiku, dzina la amene mwalankhula naye ndi nambala yozindikiritsa kukambirana kwanuko imene iwo amasunga m'kompyuta. Kope limeneli lidzagwira ntchito yaikulu ngati nkhani ifika pochita apilo.

Malume anga, omwe amagwira ntchito yausiku panyumba yosamalira okalamba, anadikira pafupifupi miyezi iwiri. Tsiku lina ndinawapeza atagona pampando foni ili pachifuwa, nyimbo yodikiritsa ija ikulirabe. Atadzuka anati, "Mphwanga, anthu awa akungondizunguza, aliyense akuti watumiza." Ndinawapempha kuti, "Malume, tiyeni tisawafunsenso ngati atumiza, tiwafunse kuti alandira chiyani." Titafunsa choncho, mayi wa ku kampani ija anawerenga zimene zinali m'faelo ndipo zinapezeka kuti lipoti la kupimidwa linalipo, kalata yolamula makina inalipo, koma zolemba za ulendo woyamba wa kwa dokotala kunalibe. Fakisi inali itadula masamba awiri omaliza, ndipo palibe amene anauza mnzake. Tinapita tokha ku chipatala kukatenga masambawo, ndipo makina anafika mlungu wotsatira. Akuluakulu ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo, ndipo m'nkhani imeneyi pepala loti latumizidwa silinakhale lanu mpaka wolandirayo atanena kuti ali nalo m'manja.

Mapepala atatu amene amafunika, ndi pamene amalakwikira

Makampani ambiri a inshuwalansi amatsatira, ena ndendende ena pang'ono, malamulo a Medicare, inshuwalansi ya boma ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi ena olumala. N'chifukwa chake kudziwa malamulo a Medicare kumathandiza ngakhale munthu amene inshuwalansi yake ndi ya kuntchito, ngakhale kuti mawu omaliza amakhala m'buku la inshuwalansi yanuyo.

Pepala loyamba ndi zolemba za dokotala za ulendo umene anakuonani musanapimidwe tulo. Mawu akuti musanapimidwe ndi ofunika kwambiri, chifukwa Medicare imafuna kuti dokotala akhale atakuonani ndi kulemba zizindikiro zanu kupimako kusanachitike. Ngati tsiku la zolembazo lili pambuyo pa tsiku la kupima, pempho likhoza kubwezedwa ngakhale zotsatira zitaonetsa matenda aakulu. Anthu amene anagula okha kupima kwa kunyumba pa intaneti, osadzera kwa dokotala wawo, ndi amene amakodwa kwambiri pamenepa.

Pepala lachiwiri ndi lipoti la kupimako, kaya kunachitikira ku chipatala kaya kunyumba, losainidwa ndi dokotala woyenera kulimasulira. M'lipotimo muli nambala yotchedwa AHI, imene imasonyeza kuti pa ola limodzi la tulo mpweya umadukiza kapena kuchepa kangati. AHI ikakhala 15 kapena kuposerapo, Medicare imavomera popanda kufuna umboni wina. Ikakhala pakati pa 5 ndi 14, pamafunika kuti zolemba za dokotala zitchule chimodzi mwa izi: kuwodzera kwambiri masana, kusokonekera kwa kaganizidwe, vuto la maganizo, kusowa tulo, kuthamanga kwa magazi, matenda a mitsempha ya mtima, kapena kuti munadwalapo sitiroko. Pano m'pamene khalidwe lathu lodzichepetsa limatipweteka. Dokotala akafunsa kuti mukupeza bwanji, ambiri timayankha kuti tili bwino, kutopa n'kwa ntchito basi, ndipo iye amalemba zomwezo. Ngati mumawodzera pa maloboti mukuyendetsa galimoto, kapena mumamwa mankhwala a BP, nenani momveka ndipo muonetsetse kuti zalembedwa. Sindikunena kuti munthu aname, ndikunena kuti asabise.

Palinso msampha wina umene odwala ambiri sadziwa. Kuchepa kwa mpweya kumawerengedwa m'njira ziwiri. Bungwe la American Academy of Sleep Medicine limalimbikitsa kuwerenga nthawi iliyonse imene okosijeni wa m'magazi watsika ndi 3 peresenti kapena tulo tadukizidwa, pamene Medicare imawerenga pokhapokha watsika ndi 4 peresenti. Motero usiku umodzi womwewo ukhoza kutulutsa AHI ziwiri zosiyana, ndipo munthu amene dokotala wamuuza kuti ali ndi 7 akhoza kupezeka ndi 4 pa kawerengedwe ka inshuwalansi, n'kukanidwa. Mukaona kalata yonena kuti simunafike pa mlingo, tengani lipoti lanu muone kuti anagwiritsa ntchito kawerengedwe kati, ndipo funsani inshuwalansi kuti iyo imatsatira kati. Nthawi zina lipoti limakhala ndi nambala zonse ziwiri koma kalaliki anakopera yolakwika. Ngati munapimidwira kunyumba ndipo nambala yatsala pang'ono kufika, kambiranani ndi dokotala za kukapimidwa ku chipatala, chifukwa zipangizo zambiri za kunyumba sizidziwa nthawi imene munali maso, ndiye zimagawa ndi maola onse amene zinali zoyaka, zimene zimatsitsa nambala.

Pepala lachitatu ndi kalata ya dokotala yolamula makinawo. Iyenera kukhala ndi dzina lanu, tsiku, chipangizo chimene chikufunika, dzina la dokotala ndi siginecha yake. Nambala ya matendawa m'makalata ndi G47.33, nambala ya makina a CPAP ndi E0601, ndipo kachipangizo kotenthetsa madzi kuti mpweya usaume kali ndi nambala yakeyake, E0562. Kudziwa nambala zimenezi kumafupikitsa foni, popeza wa inshuwalansi amafufuza ndi nambala osati ndi mawu. Ngati dokotala walemba makina a mtundu wa BiPAP, amene amakankha mpweya mwamphamvu mukamaukoka ndi pang'ono mukamautulutsa, omwe nambala yake ndi E0470, yembekezerani funso lakuti kodi CPAP inayesedwa kaye n'kulephera, chifukwa Medicare imafuna umboni umenewo.

Kampani ikakhala yosagwirizana ndi inshuwalansi yanu

Chipatala chimatumiza mapepala ku kampani imene chinazolowera, osati kwenikweni imene ili pa mgwirizano ndi inshuwalansi yanu. Kampani yosagwirizana ikhoza kungokhala pa faelo yanu osanena kanthu, kapena kukupatsani makina kenako n'kukutumizirani bilu yonse. Pemphani inshuwalansi ikupatseni mayina a makampani awiri kapena atatu amene ili nawo pa mgwirizano m'dera lanu, muwaimbire, ndipo mufunse ngati ali ndi makina m'sitolo ndi tsiku limene angakuphunzitseni kuwagwiritsa ntchito. Muli ndi ufulu wouza dokotala kuti atumize mapepala kwina, ndipo n'kosavuta kusamuka musanalandire makina kusiyana ndi mutalandira. Amene ali pa Medicare afunsenso ngati kampaniyo inalembetsa ku Medicare ndiponso ngati imavomera mtengo umene Medicare inaika, chifukwa yosavomera ikhoza kulipiritsa zochuluka.

Pa zaka zapitazi panalinso kuchedwa kosachokera ku mapepala. Mu June 2021 kampani ya Philips Respironics inaitanitsa makina ake ambiri chifukwa thovu lochepetsa phokoso la mkati mwake linkatha kunyenyeka, ndipo makina anasowa pamsika kwa nthawi yaitali. Amene akufuna kugula makina akale kwa mnzake aone kaye ngati sali m'gulu limenelo.

Makina afika, koma inshuwalansi yasiya kulipira

Ili ndi vuto lopweteka kwambiri chifukwa limabwera munthu atapuma kale. Makinawo sapatsidwa kwa inu ngati mphatso tsiku loyamba. Medicare imawalipira ngati lendi mwezi ndi mwezi kwa miyezi 13, ndipo akatha miyezi imeneyo ndi pamene amakhala anu. Miyezi itatu yoyamba ndi yoyeserera, ndipo mkati mwake muyenera kuonetsa kuti munagwiritsa ntchito makinawo maola 4 kapena kuposerapo pa usiku, kwa 70 peresenti ya masiku 30 otsatizana. Kunena mwachidule, pa masiku 30 aliwonse otsatizana amene mungasankhe m'miyezi itatuyo, masiku 21 akhale okwana maola anayi. Usiku wa maola atatu ndi mphindi 55 suwerengedwa konse, choncho amene amavula masiki m'bandakucha aziyang'ana kaye pa galasi la makinawo asanazimitse.

Kuwonjezera pa maolawo, muyenera kuonananso ndi dokotala pakati pa tsiku la 31 ndi la 91 kuchokera pamene munayamba, ndipo iye alembe kuti waona lipoti la makina komanso kuti mukupeza bwino. Anthu ambiri amakwanitsa maola koma n'kuiwala ulendo umenewu, kapena amaimba mochedwa n'kupeza kuti dokotala alibe malo mpaka miyezi iwiri kutsogolo. Konzani tsiku la ulendowu pa tsiku lomwelo limene mwalandira makina.

Maolawa amadziwika chifukwa makina ambiri atsopano ali ndi kachipangizo kotumiza lipoti kudzera pa netiweki ya foni, ndipo ambiri amasunganso zonse pa kakhadi ka SD. Ngati kampani ikunena kuti simukugwiritsa ntchito makina pamene inu mukudziwa kuti mukugona nawo, onani zinthu zitatu. Choyamba, makina asakhale pa airplane mode, yomwe imaletsa kutumiza. Chachiwiri, musamazule pulagi mukangodzuka, chifukwa lipoti limatumizidwa makina atasiya kupopa koma akadali pamagetsi, ndipo ife amene tinakula tikuzimitsa chilichonse pakhoma timachita zimenezi osaganiza n'komwe. Chachitatu, ngati mumagona m'chipinda chapansi chimene netiweki siifika, nyamulani makinawo muwalumikize pafupi ndi windo kwa kanthawi, kapena tengani kakhadi kaja mupite nako ku kampani akakawerenge. Amene ali ndi makina a kampani ya ResMed akhoza kuona maola awo pa pulogalamu ya pafoni ya myAir m'mawa uliwonse, ndipo ndi bwino kutero kusiyana ndi kudikira kuuzidwa ndi kalata.

Ogwira ntchito yausiku asade nkhawa ndi mawu akuti usiku, popeza makina amaphatikiza maola onse a tsiku limodzi, kaya munagona masana kaya munagona kawiri. Dziwani kokha kuti makina a ResMed amayamba kuwerenga tsiku 12 koloko masana, ndiye tulo toyamba 9 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana timagawika pa masiku awiri, ndipo pa masiku amene mukusintha shifiti tsiku lina likhoza kupelewera.

Chimene chimalepheretsa ambiri si ulesi koma masiki. Ena amataya mpweya m'mbali n'kumauzira m'maso, ena amasiya chilonda pamphuno, ndipo amene amapuma ndi pakamwa amadzuka kukhosi kuli gwaa ngati wavala masiki a mphuno yokha. Musapirire mpaka mwezi wachitatu. Makampani ambiri amalola kusintha masiki m'masiku oyambirira, choncho imbani mlungu woyamba womwewo, ndipo ngati mpweya ukubwera mwamphamvu kwambiri moti simungagone, uzani dokotala kuti asinthe mlingo wake, zimene nthawi zambiri amachita ali ku ofesi yake. Kuvala masiki madzulo mukuonera TV makina akupopa kumathandiza kuzolowera. Ndikutsindika zimenezi chifukwa kulephera m'miyezi itatuyo kumabwezera munthu kumbuyo kwambiri: pa Medicare pamafunika kuonananso ndi dokotala kuti afufuze chimene chinavuta, ndiponso kupimidwanso tulo ku chipatala, asanapatsidwe mwayi wachiwiri.

Amene akukonza ulendo wa kumudzi, kaya ku Malawi kaya ku Zambia, aganizirepo asanavomere tsiku lolandira makina. Makina ambiri amagwira pa magetsi a 100 mpaka 240 volts, ndiye pamangofunika adaputala ya pulagi, koma kuzimazima kwa magetsi kukhoza kudula masiku ambiri, ndipo netiweki ya makinawo nthawi zambiri siigwira kunja kwa America, ngakhale maolawo amasungika mkati. Ndi bwino kukwanitsa masiku 21 aja ndi kuonana ndi dokotala musananyamuke.

Bilu ikabwera yaikulu kuposa mmene munayembekezera

Chilolezo cha inshuwalansi sichitanthauza kuti makina ndi aulere. Pa Medicare Part B, gawo la Medicare limene limalipira zipangizo ngati zimenezi, mumalipira kaye deductible, ndalama imene munthu amayamba walipira yekha pa chaka inshuwalansi isanayambe kuthandiza, kenako mumalipira 20 peresenti ya mtengo wovomerezeka. Pa inshuwalansi za kuntchito zimene deductible yake ndi yaikulu, lendi yonse ikhoza kugwera inu, ndipo chifukwa deductible zambiri zimayambiranso mu January, munthu amene analandira makina mu October amadzidzimuka ndi bilu ya chaka chatsopano. Kusintha ntchito kapena inshuwalansi lendi isanathe kukhoza kuyambitsanso miyezi ija, mwinanso kufuna kampani ina. Musanasaine, pemphani kuti akulembereni mtengo wa mwezi uliwonse ndi chiwerengero cha miyezi, kenako muyerekeze ndi mtengo wogula makina omwewo ndi ndalama zanu. Nthawi zina kugula nokha kumatsika mtengo ndipo kumachotsa nkhani ya maola ija, ngakhale kuti kalata ya dokotala imafunikabe chifukwa ku America makinawa sagulitsidwa popanda kalata. Ndalama za mu akaunti ya HSA kapena FSA, maakaunti osungiramo ndalama zachipatala zosadulidwa msonkho, zimaloledwa kulipira zimenezi.

Masiki, mapaipi ndi zosefera mpweya zili ndi nthawi yake yosinthira. Pa Medicare masiki ndi paipi ndi kamodzi pa miyezi itatu, malamba a kumutu ndi kabeseni ka madzi ndi kamodzi pa miyezi 6, ndipo makina enieniwo amayembekezeka kutha zaka 5. Mukaitanitsa nthawi isanakwane, bilu imakhala yanu. Amene akulowa Medicare ali kale ndi makina asunge lipoti lawo loyamba la kupima ngakhale litakhala la zaka zambiri, chifukwa lidzafunika pamodzi ndi ulendo watsopano wa kwa dokotala zipangizo zisanayambe kulipiridwa.

Kalata yokana ikafika

Werengani chifukwa chimene alemba, osati mutu wa kalata wokha. Ngati chifukwa chake n'choti mapepala ndi osakwanira, nthawi zambiri sipafunika apilo, koma kuti kampani itumizenso pempho ndi pepala losowalo. Ngati akunena kuti makinawo si ofunika pa matenda anu, pemphani buku la malamulo amene agwiritsa ntchito, lipatseni dokotala, ndipo mumupemphe kuti alankhule mwachindunji ndi dokotala wa inshuwalansi, zimene amazitchula kuti peer-to-peer ndipo zimatha kusintha chigamulo pa foni imodzi. Njira imeneyi imakhala ndi masiku ochepa, choncho musagone nayo kalatayo.

Zikakanika pamenepo, lembani apilo. Pa inshuwalansi zambiri zotsatira lamulo la Affordable Care Act la 2010, muli ndi masiku 180 kuchokera pamene mwalandira kalata yokana, ndipo kampani ya inshuwalansi iyenera kuyankha m'masiku 30 ngati chipangizocho simunalandire, kapena 60 ngati munalandira kale. Akakananso, mukhoza kupempha kuti nkhani iunikidwe ndi anthu a kunja kwa kampaniyo mkati mwa miyezi inayi, ndipo chigamulo chawo kampani iyenera kuchitsatira. Pa Medicare yoyendetsedwa ndi boma lenilenilo, apilo yoyamba ndi ya masiku 120 kuchokera pamene mwalandira chikalata cha Medicare Summary Notice, chosonyeza zimene Medicare yalipira kapena kukana, pamene a Medicare Advantage (Medicare yoyendetsedwa ndi makampani a inshuwalansi) ndi a Medicaid (inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa) ali ndi masiku awoawo olembedwa m'kalata yokanayo. Kalata ya apilo ikhale ya tsamba limodzi: itchule nambala ya pempho, ibwereze chifukwa chimene anakanira, ndipo isonyeze tsamba ndi mzere wa lipoti kapena wa zolemba za dokotala umene ukuyankha chifukwacho. Phatikizani makope a mapepala atatu aja, kalata yaifupi ya dokotala, ndi lipoti la maola ngati makina muli nawo kale. Tumizani m'njira imene imapereka umboni woti yafika, ndipo patapita masiku atatu ogwira ntchito imbani mufunse kuti alandira masamba angati.